NYUMBA YANGA INAMANGIDWA KAWIRI

Bambo Mkonzi, ndipatseniko malo m'nyuzi yanu kuti ndiceze ndi anzanga a m'migodi za kumangitsa nyumba kumudzi munthu uli kutali. Ine ndine nkhalamba tsopano, mgodi ndinausiya m'caka ca 1987, ndipo sindikadalemba mau awa cikhala kuti mwana wa mlongo wanga, amene ali ku mgodi wina pafupi ndi Rustenburg, sanandiimbire foni mwezi wathawu. Anati, "Amalume, ndapeza mmisiri wabwino. Akuti ndikamtumizira ndarama zonse pamodzi, pa Khrisimasi ndidzangofikira kulandira makiyi." Pakumva izi ndinakhala cete kanthawi, cifukwa ndiwo mau omwe ndinauzidwa ine m'caka ca 1983, ndipo anandidyera thukuta la zaka ziwiri. Mnyamatayo ndinamyankha usiku womwewo. Zimene ndinamuuza iye ndafuna ndikuuzeni inunso.

Kwathu ndi ku Zomba, kumunsi kuja koyang'ana ku nyanja ya Chilwa, ndipo ndinakwatira cikamwini m'mudzi woyandikana ndi wathu. Ku Joni ndinapita koyamba m'caka ca 1979, ku mgodi wa golide pafupi ndi Welkom. Ndinayamba ndi fosholo monga onse, pambuyo pace ndinapatsidwa makina oboolera mwala. Masiku amenewo gawo lalikuru la malipiro athu linkasungidwa kuti tikalandire titafika kwathu, kotero munthu pobwera unkagwira tsiku limodzi ndarama zimene sunazigwirepo cibadwire. Za ulendo woyamba zinathera njinga, wailesi, mabulangete ndi kukondweretsa abale. Pa ulendo waciwiri ndinalumbira kuti ndimanga nyumba ya njerwa zoocha ndi malata, ya zipinda zitatu, kuti ana anga aleke kusuntha mphasa usiku pothawa kudontha.

Mmisiri anabwera naye ndi alamu anga, mlongo wao wa akazi anga. Tinakomana pa mowa. Anali mnyamata wa pakamwa pokoma, wobvala bwino, ndipo anachula nyumba zambiri za ku Blantyre ndi ku Limbe zimene anati anamanga ndi iye. Mtengo wace unali wochipa kuposa wa amisiri ena awiri amene ndinawafunsa. Akazi anga anandiitanira kuseri nati, "Abambo, bwanji tiyambe taona nyumba imodzi imene anamanga munthuyu?" Ine ndinaseka ndi kuti, "Za njerwa inu mudziwapo ciani? Samalani mapoto anu." Mau amenewo ndimacita nawo manyazi kufikira lero.

Masiku anga okhala kumudzi anali atatsala ocepa. Ndinagawa ndarama pawiri: za nchito yonse ndinapatsa mmisiri, za zipangizo ndinasiyira alamu. Panalibe pepala, panalibe mboni, tinangogwirana canza. Ku komponi makalata a alamu ankabwera mwezi ndi mwezi, onse a mau amodzi: nchito iri kuyenda bwino, tumizani zina za simenti. Ndinkatumiza. Tsiku lina mnzanga wa ku Mzimba anandionetsa cithunzi ca nyumba yace ya khonde lalikuru, ndipo nsanje itandigwira ndinalemba kalata kuti aonjeze khonde ndi cipinda cacinai. Za kuonjeza malipiro a mmisiri sindinachule. Akazi anga analemba kamodzi kokha, mau ocepa: "Zimene mukumvazo si zimene ndikuona ine." Ndinayesa ndi mikangano ya munthu ndi mlongo wace, ndipo kalatayo ndinaiponya m'bokosi.

Ndinabwera mu April 1985, mvula itangoleka. Ndinatsika basi ndi sutikesi pamutu, maso ali kutsogolo kufuna kuona malata akung'anima. Cimene ndinapeza ndi zipupa zopanda denga, m'kati mutamera cisoso, maungu atayanga pa zenera. Cipupa ca kum'mawa cinali ndi mng'alu woti dzanja langa linalowa lonse. Nditakumba pambali ndi khasu ndinapeza kuti maziko sanafike ndi m'bondo momwe, pamene dothi la kwathu ndi makande, amene amatupa m'dzinja ndi kung'ambika m'cirimwe. Njerwa zambiri zinali za kunja kwa uvuni, zosapsa, zoti ukakanda ndi cala zinyenyeka. Matumba 6 a simenti anali ataunjikidwa pansi m'khichini, atauma gwa ngati miyala. Malata analipo 12 okha, opyapyala ngati citini ca mafuta. Mmisiri anali atasamukira ku nchito yina tsidya la mtsinje, ndipo alamu anga anali atatsegula kagolosale.

Ndinakasuma kwa amfumu. Mmisiri anabwera osaopa konse. Amfumu anandifunsa mafunso atatu: "Munapangana kuti nyumba idzatha liti? Pangano lanu linalembedwa pati? Mboni yanu ndani?" Onse atatu ndinalibe poyankha. Tsono mmisiri anaimirira nati, "Ine ndinapangana ndi acimwenewa zipinda zitatu. Kalata inabwera ya zipinda zinai ndi khonde, ndarama zomwezo. Simenti ndikaitanitsa matumba khumi ankabwera anai. Anyamata anga ndikadawadyetsa ciani?" Ndinaona kuti ngakhale anandinyenga pa maziko ndi pa njerwa, pa mau awa sanali kunama. Za alamu sindinathe kulankhula zambiri. Mkamwini sakweza mau pa bwalo la eni mudzi, ndipo malo amene panali zipupazo anali a mbumba yao. Mlandu unathera m'kupepesana, ndarama osabwera ngakhale tambala.

Usiku umenewo ndinakhala pakhomo pa nyumba yathu yaudzu osafuna nsima. Akazi anga anakhala pambali nandifunsa mofatsa, "Abambo, kodi ku mgodi kwanuko amakulipirani musanalowe pansi?" Ndinati ai, munthu amayamba wagwira masiku ace, kapitao nalemba, ndipo malipiro amabwera tikiti itadzaza. Anati, "Nanga inu munalipiriranji munthu asanagwire ndi khasu lomwe?" Anzanga, mukaiwala zina zonse zimene ndalemba pano, musaiwale funso limeneli. Mmisiri amene walandira ndarama zonse alibenso cimene cingamdzutse m'mamawa kubwera pa nyumba yanu. Angakhale ali munthu wabwino, njala ya kunyumba kwace idzadya ndarama zanu mwezi umodzi, ndipo pambuyo pace adzapita kumene kuli ndarama zatsopano.

Tinagwetsa zipupa zija, tinasankha njerwa zabwino, ndi kuumba zina m'cirimwe ca 1985. Ndarama zimene ndinabwera nazo ulendo uwu tinakaika ku Positi, m'buku la dzina la akazi anga. Mmisiri waciwiri anamfuna ndi iwo. Anali mdala wosalankhula-lankhula, wa nsapato za matayala, ndipo mtengo wace unali wokwera. Tisanapangane kanthu tinayenda pa njinga kukaona nyumba zitatu zimene anamanga, osati zatsopano ai, koma zimene zapyola madzinja asanu kapena kuposa, pakuti nyumba yatsopano iri yonse imakongola. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Eni ace tinawafunsa mdalayo palibe: kodi anamaliza pa nthawi yace? Kodi simenti inkasowa? Kodi denga litadontha anabweranso? Ine ndinkagogoda zipupa monga tigogodera mwala wa pamwamba pathu ndi mgwala tisanayambe nchito m'mgodi. Pulasitala wosagwira amalira ngati ng'oma, monga acitira mwala wofuna kugwa. Nzeru imeneyi nonse muli nayo kale; musaisiye ku mgodi.

Pangano tinalilemba m'kope la ana a sukulu, pamaso pa amfumu ndi aphunzitsi a pa sukulu yathu, ndipo aphunzitsi anakopera mapepala ena awiri, limodzi la mmisiri, limodzi lokhala kwa amfumu. Tinajambula nyumba, ndi kulemba m'litali ndi m'lifupi mwa cipinda ciri conse, ndi pamene padzakhala zitseko ndi mazenera. Nchito tinaidula m'magawo asanu: maziko, zipupa kufika pa mazenera, zipupa kufika pa denga, denga, ndipo potsiriza pulasitala, pansi ndi zitseko. Gawo liri lonse linali ndi mtengo wace, wolipidwa gawolo litatha ndi kuonedwa. Pa gawo lotsiriza tinagwirizana kuti kacigawo kena kadzatsala m'buku kufikira mvula yoyamba itagwa pa denga. Tinalembanso tinthu timene anthu amatiyesa tating'ono koma ndito tiyambitsa ndeu: wolipira anyamata oponda matope ndani, wotunga madzi ndani, nsima ya masana ndi ya yani. Zipangizo tinati tizigula tokha, mmisiri azingolemba zimene zifunika.

Mdalayo naye anali ndi mau ace, ndipo anati alembedwe. Anati, "Coyamba, gawo likatha ndarama zanga zisagone. Caciwiri, zimene tajambulazi zisasinthe ndi kalata; mukafuna kusintha, mtengo usinthenso. Cacitatu, pa nchito pano ndimvere munthu mmodzi. Sindifuna lero alamu, mawa apongozi, mkuja amalume." Ndinaloza akazi anga ndi kuti, "Mudzamvera amai awa." Anthu ena anaseka, koma mdalayo anabvomera nati amai amakhala pakhomo tsiku lonse, ndipo ndiwo adzagona m'nyumbayo. Anzanga, mmisiri nayenso ndi wanchito monga ife. Inu mudziwa kuwawa kwace kwa kugwira nchito malipiro nacedwa, kapena kulamulidwa ndi akapitao awiri osagwirizana. Musacitire mnzanu cimene inu mumadana naco.

Maziko anakumbidwa ine ndisanabwerere ku mgodi, ndipo ndikupemphani kuti ngati kuli kotheka inunso mukhalepo pa gawo limeneli, cifukwa likakwiriridwa simudzalionanso. Mdalayo anauza anyamata kuti akumbe kufikira makande atatha ndi khasu litayamba kulira pa nthaka yolimba, ndipo malo ena dzenje linafika m'ciuno. Pansi anathira konkire ya simenti, mcenga ndi miyala yoswa. Anatinso zipupa zisanayambe padzayalidwe pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko, kuti cinyezi cisakwere. Anationetsa kuyesa njerwa: ukagundanitsa ziwiri zakupsa zimalira ngwee, ndipo ukagoneka imodzi m'ndowa ya madzi usiku wonse, m'mawa uipeza iri yomweyo. Mcenga anati ukhale wa kumtsinje, woti ukaufikisa m'manja sudetsa zikhato, pakuti mcenga wa dothi umadya simenti pacabe. Maziko amenewo anagona dzinja lonse, ndipo zipupa zinayamba mu May 1986, ine ndiri ku Welkom.

Za m'tsogolo mwace ndinazimva m'makalata a akazi anga, ndipo kope lija tikali nalo. M'mawa uli wonse ankaturutsa okha matumba a simenti a tsikulo, madzulo nalandira matumba opanda kanthu ndi kuwawerenga. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo pomangira njerwa anagwirizana ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 6 za mcenga, ndowa yace imodzimodzi, osati fosholo, pakuti fosholo ya mcenga imadzaza kuposa ya simenti. Pamene pathiridwa simenti ankathirirapo madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7, iwo ndi ana, cifukwa simenti youma msanga ndi dzuwa siilimba. Zipupa zitafika pa mazenera anatenga cingwe nayesa cipinda ca ana mopingasa, kucokera pa ngondya kufika pa ngondya inzace, mbali zonse ziwiri, monga anawaphunzitsira mdala yemweyo. Miyeso iwiriyo inasiyana ndi cikhato cathunthu. Anati, "Amisiri, pepani, buku la ku Positi silitseguka kufikira apa pataongoka." Mdalayo anang'ung'udza tsiku lonse, nakalipira mnyamata wace amene anamanga ngondyayo, koma m'mawa mwace anagumula namanganso. Atamaliza, ndarama zace analandira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Pa denga pali cinyengo cimene ambiri siticidziwa. Malata ali ndi nambala yochedwa geji, ndipo nambala ikakhala yaikuru lata limakhala lopyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32. Wogula mosadziwa amalipira mtengo wa 28 nalandira 32. Mitengo ya denga mdalayo anaipaka mankhwala a ciswe isanakwere, naimangirira ndi waya wokwiriridwa m'cipupa mizere ingapo ya njerwa pansi pace, kuti mphepo isanyamule denga lonse ngati cipewa. Malata anawaturutsa kunja mokwanira kuti mvula isamamenye zipupa. Mvula yoyamba itagwa lata limodzi linadontha pa msomali, ndipo mdalayo anabwera osaitanidwa kawiri, cifukwa kacigawo kace kanali kakali m'buku.

Ndinafika m'caka ca 1987 ndi kugona m'nyumba yanga. Inali ya zipinda zitatu, yopanda khonde lalikuru lija. Ndinkaganiza kuti ndidzapitanso ulendo wina kukafuna za khonde, koma m'caka ca 1988 njira ya Amalawi yopita ku migodi ya ku Joni pa kontrakiti inatsekedwa, ndipo ambiri a ife sitinakwerenso kheji. Cikhala kuti ndinalakwitsanso kaciwiri, kacitatu kunalibe. Inunso simudziwa tsiku limene mgodi udzatseka, kapena limene cifuwa cidzakubwezani kwanu. Pomanga nyumba muziyesa kuti ndarama zimene muli nazozo ndi zotsiriza.

Cina cimene ndinauza mwana wa mlongo wanga ndi ca malo. Musanaike njerwa ngakhale imodzi, dziwani mwini nthaka. Ife a cikamwini timamanga pa malo a mbumba ya mkazi, ndipo nyumba imeneyo ndi ya mkazi ndi ana. Ine ndinabvomera zimenezo ndi mtima wonse, ndipo pa kumanga kwaciwiri tinakambirana ndi eni mbumba pamaso pa amfumu. Koma munthu azidziwe asanamange, osati pa tsiku la maliro kapena la kutha kwa ukwati. Lamulo la malo la 2016 limalola kuti malo a kumudzi alembetsedwe m'kaundula. Funsani kwa amfumu ndi kwa a DC. Mukagula puloti m'tauni onani mapepala ace, ndipo pulani ya nyumba iyambe yabvomerezedwa ndi khonsolo.

Masiku ano muli ndi mwai umene ife tinalibe. Kalata yathu inkayenda masabata, inu mumaona cithunzi pa foni nthawi yomweyo. Koma cithunzi cimanamanso, pakuti munthu angathe kukujambulirani nyumba ya wina. Nenani kuti mkazi wanu kapena mwana wanu aime pa cipupaco, ndipo mtengo wa mango umene mukuudziwa uoneke kumbuyo. Kutumiza ndarama kwapepuka, ndipo kuononga kwapepukanso. Popeza Kwacha imagwa mphamvu, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, nkwabwino kugula msanga zinthu zosaonongeka, monga malata, mafelemu a zitseko ndi misomali, ndi kuzisungitsa kwa munthu wokhulupirika. Simenti yokha musaunjike. Gulani nchito ikayandikira, ndipo muisanjike pa matabwa, osati pansi. Nkhuni zoochera njerwa nazo zikusowa, ndipo m'caka ca 2018 boma la Malawi linaletsa njerwa zoocha pa zomanga za boma ndi za malonda. Mukasankha mabuloko a simenti, uzani mmisiri akuonetseni nyumba ya mabuloko imene anamangapo kale.

Mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka m'cigawo ca kumwera, nyumba zambiri za kwathu zinagwa, zina za malata atsopano. Usiku wina tinagona mabanja anai m'zipinda zathu zitatu, pakati pao alamu anga aja, okalamba tsopano ngati ine. Madzi anafika pa citseko, koma cipupa sicinang'aluke. Mdala wathu anamwalira kalekale, ndipo usiku umenewo ndinakumbukira dzenje lace lofika m'ciuno, limene anthu ankati ndi kuononga simenti. Akazi anga sananene kanthu, anangondiyang'ana akugawa mabulangete.

Mwana wa mlongo wanga wandiuza kuti wagulitsa kope kumudzi, ndipo mkazi wace wakaona kale nyumba ziwiri za mmisiri uja. Yacitatu mmisiriyo akuzengereza kumuonetsa. Ndamuuza kuti ndarama ziyambe zakhala, kufikira yacitatuyo itaoneka. Moni kwa anzanga onse a m'migodi, ndipo Mulungu azikuturutsani bwino pansi tsiku ndi tsiku.

Ndine mnzanu wakale wa m'mgodi,
ku Zomba.